Kalata Imene Ndinalembera Achemwali Anga

Tachotsa kaye kawaya kali m'khutuko, Pemphero. Wabwera ndi buku kuti ndikuthandize, koma khutu limodzi walipereka kwa oimba. Ine ndiyankhule ndi liti? Nawenso Limbani tsika panjingapo, si mpando umenewo, undipindira sipoko. Khalani apa nonse, ana inu, ndipo amene ayasamule ndimuona.

Funso lako ndalimva. Ukuti aphunzitsi anu akufuna mudziwe pamene mungaike kaliwu kaja ka Chingerezi, "that", ndi pamene mungakasiye. Wafunsa foni, foni yakuyankha masamba atatu, ndipo tsopano wasokonezeka kuposa usanafunse. Nanga si mumaikhulupirira kuposa anthu amoyo! Tamvera tsono, ndinena kamodzi. Ukati "the tea that we plucked", tiyi amene tinatchola, kaliwuko ukhoza kukachotsa nkungoti "the tea we plucked", palibe angakumange, chifukwa otcholawo atchulidwa pompo, kaliwuko kangokhala mlendo. Koma ukati "the rain that fell", mvula imene inagwa, usakakhudze, chifukwa kaliwuko ndi kamene kaimira mvulayo, ndipo ukakachotsa wanena zina. Ukayang'ane chimene chikutsatira. Pakabwera wochita, chotsa kapena siya, zili kwa iwe. Pakabwera ntchito yokha, kasiye. Lemba m'kopemo, usangogwedeza mutu.

Basi, ndi zomwezo. Zimene ndakuuza m'mphindi imodzi zinanditengera ine sabata yathunthu, ndipo sabata imeneyo inachotsa anthu m'nyumba. Nchifukwa chake wanditi ndakwinya nkhope utangotsegula bukulo. Sindinakwiyire iwe.

Inu mumaona ngati Chingerezi ndi chongotola panjira, poti chili pa wailesi, pa kanema, ngakhale pa mapaketi a sopo. Ife tinkachisaka. Kunyumba tinkayankhula Chilomwe, panjira Chinyanja, Chingerezi chinkayambira pakhomo la kalasi. Ukaiwala nkuyankhula chakwanu ankakukoleka kathabwa m'khosi, ndipo unkayenda nako ukutchera khutu kwa anzako kuti upeze womupatsira, chifukwa woweruka nako ndiye ankalima bwalo la mpira. Tinkalemba ndi cholembera choviika mu inki, inki ya ufa yosungunula tokha, ndipo ikadontha pakope tsiku limenelo unkagona chafufumimba. Inu bolopeni ikangokana pang'ono mumataya kutchire. Limbani, zitatu ndatola ine kuseri kwa bafa mwezi uno wokha, usandiyang'ane choncho.

Amene anandiyendetsa ulendo wa sukuluwo ndi achemwali anga aakulu, a Filesi. Inu simunawaone, anamwalira musanabadwe. Iwowo m'kalasi sanalowemo ngakhale tsiku limodzi. Nthawi ya mvula ankandiwolotsa mtsinje pamsana kuti kope lisanyowe, nkundimangira makaka ophika m'tsamba la nthochi kuti ndikadye pa buleki. Ndikaweruka ankati ndiwerenge mokweza iwo akusankha nandolo palichero. Sankamvapo ngakhale liwu limodzi, koma ankavomera ndi mutu ngati ali m'tchalitchi. Kwa iwo chilichonse chotuluka m'kamwa mwanga m'Chingerezi chinali choona.

Nditamaliza sukulu ndinalembedwa ukalaliki ku ofesi ya fakitale, pa esiteti imene mumaiona mukakwera kuphiriko. Ha, ana inu, mukanandiona! Malaya oyera, kabudula wa khaki, masokosi ofika m'mawondo, pensulo kukhutu. Fungo la tiyi wouma linkandilowa mpaka m'tsitsi, moti malemu agogo anu aakazi ankati akandinunkhiza ine ludzu la tiyi latha. Tinali ndi makina otayipira akuda, olemera oti kunyamula anthu awiri, ndipo chilembo chimodzi chinkamatirira, unkachita kuchikoka ndi chala. Ukafuna makope awiri unkaika pepala la kaboni pakati, ukaliika chozondoka mawu onse ankatuluka kumsana kwa tsamba lapamwamba, ntchito yonse nkuyambanso. Inu mukalakwitsa mumangodina kabatani. Komabe mauthenga anu mumalemba ngati nkhuku yapalasa, mawu odulidwa michira, moni palibe. Dzulo wina wa inu wanditumizira zilembo ziwiri ndi kankhope kachikasu. Ndiye kuti chiyani chimenecho, wadwala kapena wafika bwino?

Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, anthu a kumalaini, kunyumba za kampani zondandalikana zija, ankandidikira pansi pa bulugama kuti ndiwalembere makalata. Wina wopempha tchuthi cha maliro, wina wodandaula denga lodontha, wina wofuna kusinthidwa munda chifukwa sakugwirizana ndi kapitawo wake. Ndinkawamvera ndi khutu limodzi ngati iwe Pemphero, mutu uli pa mawu aakuluakulu oti ndiikemo. Ndikunena poyera, ndinali wonyada, wonyada konyansa. Sindinkalemba kuti bwana amve vuto la munthu. Ndinkalemba kuti aone kuti pa esiteti yake pali wina wodziwa chiyankhulo chake.

Panali munthu mmodzi yekha amene ankandiima pamphuno, a Makwinja, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pa esiteti. Munthu wamfupi, magalasi omangidwa ndi ulusi, cholembera chofiira chosachoka m'thumba. Iwowo ankati Chingerezi changa ndi cha m'fakitale, chosesedwa pansi pamodzi ndi fumbi la tiyi. Ine ndinkati chawo ndi cha m'buku lothothoka chikuto, chimene mzungu weniweni atachimva akanafunsa kuti akuti chiyani. Tinkakangana paliponse, pa bawo, pamzere wa kuchigayo, ngakhale pamaliro a anthu. Anthu ankangotizungulira nkumaonerera, osamva chimene tikukanganira, ena nkumati lero wapambana wa masokosi, ena nkumati ayi wa magalasi.

Alamu anga a Jailosi, amuna a achemwali, anali odulira tiyi. Inu mukaona minda yosalala ija mumayesa imamera choncho yokha. Miyezi yozizira, chiperoni chitaphimba mapiri, amuna ankalowa m'mizere ndi mipeni yokhota nkudula tchire lililonse kufika m'mawondo, zovala zili chinyowere kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Chifuwa chinawalowa m'menemo. Anakhosomola chilimwe chonse, nkumwalira kutatsala pang'ono kuti mvula iyambe. Anasiya achemwali ndi ana atatu. Wamkulu ndi anti anu a Edina, a ku Nsabwe aja, amene nthawi imeneyo anali kamtsikana ka Sitandade sikisi, ka nambala wani chaka ndi chaka. Ngakhale a Makwinja, munthu wosayamika, ankati mwana ameneyu sukulu yawo yamuchepera.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Nyumba ya kumalaini si yako, imayenda ndi tikiti ya ntchito. Mwini tikiti akamwalira, banja ankalisiya mpaka tsiku lolemba anthu a nyengo ya mvula. Tsikulo likadutsa wa m'nyumbamo osalembedwa, nyumba inkapita kwa wina. Sukulu nayonso inali ya ana a antchito. Ndiye achemwali akapanda kulembedwa, nyumba yapita, sukulu ya Edina yapita. Kwathu ku Nsabwe kunali kamunda kamodzi kotsetsereka, kamene tinali titagawanagawana kale pa abale mpaka kutsala koti munthu akuponya mwala nkudutsa malire.

Koma anthu a kumunda anali ndi kachitidwe kawo kosalembedwa m'buku lililonse. Mvula yeniyeni ikagwa, pakapita masiku atatu kapena anayi tiyi amaphuka yense nthawi imodzi, manja nkuchepa. Pamenepo ankamenya chitsulo cha njanji chopachika pamtengo, anthu nkukhamukira kubwalo la sikelo, kumene amayezera masamba, ochokera ku Mphuka, ku Nsabwe, ena kutali koposa apo. Mkazi wamasiye wa wantchito ankabwera atavala nsalu yake yakuda nkuima kutsogolo. Kapitawo ankangomuloza nkunena kuti uyu ndi wa malemu uje, ndipo ankalembedwa poyamba, wina aliyense asanalembedwe. Panalibe pepala, panalibe kupempha. Chinkafunika ndi kukaima pamenepo ndi miyendo yako, basi.

Ndipo kutchola achemwali ankakudziwa. Asanakwatiwe anatcholapo nyengo zingapo, masamba awiri ndi kansonga, manja onse awiri akuyenda, dengu kumsana likudzaza anzawo asanafike pakati. Si za masiku ano zomweta ndi makina nkusakaniza masamba ndi timitengo. Kapitawo aliyense akanawalandira ndi chimwemwe.

Nsalu yakuda anali atachapa kale. Kwa ine anabwera kudzangondidziwitsa, poti ine ndiye mwini mbumba, malume wa anawo. Anakhala pansi chapatali, nkunena kuti kapitawo wa malemu, a Bonongwe, awatumizira mawu akuti asachokechoke, chitsulo chikalira abwere. Ine m'malo mothokoza ndinapsa mtima. Ndinaona kale m'maganizo anthu akulozerana kuti taonani mlongo wa kalaliki wa masokosi uja, waima pamatope ndi nsalu yakuda ngati wopemphetsa. Ndinaona nkhaniyo ikufika kwa a Makwinja.

"Achemwali, inu simukaima pamzere," ndinatero. "Mzere ndi wa anthu opanda wowalembera. Ine ndilemba kalata kwa bwana mwini wake, mwina mpaka akupatsani ya m'fakitale, yosankha tiyi pamthunzi."

"Mukudziwa ndinu, achimwene," anatero, nkudzuka.

Agogo anu aakazi anamva zonse ali kukhitchini. Mlendo atapita anandiuza kuti kalata ilembedwe inde, koma munthu akaimenso pamzere, nanga ziwirizi zikulimbana pati? Ndinawayankha kuti za ofesi azisiyire a ofesi. Mwaona mutu umene munachokerako, ana inu? Ndiye mukamachita makani ine sindidabwa, ndimangomva chisoni.

Kalatayo ndinailemba tsiku lomwelo, Lachitatu, ndipo inali yabwino, sindinama. Chimene chinatsala ndi kuipereka. Koma kunyada kunandinong'oneza kuti ndikaionetse kaye kwa a Makwinja, osati kuti andikonzere, koma kuti aiwerenge nkusowa chonena. Ndinawapeza akuthirira mpiru kuseri kwa sukulu. Anapukuta manja pa buluku, nkuwerenga pang'onopang'ono milomo ikuyenda. Atafika pamene ndinalemba m'mawu a achemwali za nyumba imene amuna anga anasiya, "the house my husband left", anaima. Anasolola cholembera chofiira chija, pa kalata yanga yoyera, nkulowetsa "that" pakati. Anati chiganizo chopanda kaliwu kameneka ndi munthu wopita kwa bwana wosavala malaya.

Mayo ine, magazi anandikwera kumutu! Ndinawauza kuti ine ndimatayipa zolemba za mzungu tsiku ndi tsiku, ndipo mwini chiyankhulo amakasiya. Iwo anati mzungu wa tiyi si mzungu wa sukulu, anabwera kuno chifukwa kwawo mayeso anamukanika. Ine ndinati nanga inu munapitako kwawoko? Iwo anati buku lawo linachokera komweko. Tinakangana mpaka madzi a pa mpiru anauma, kheni ili chiimire pakati pathu. Za achemwali palibe anatchula, ine kapena iwo.

Lachinayi ndinatayipanso popanda kaliwuko. Nditawerenga, mawu a a Makwinja anandilowa, nanga bwana akaseka? Lachisanu ndinatayipa nako. Nditawerenga ndinaona kuti ndawagwadira a Makwinja, ndinang'amba. Ndinayamba kufukula mafayilo akale a mu ofesi, kuwerenga makalata a azungu oti anapita kwawo kalekale, ndikuika timiyala mbali ziwiri za tebulo, uku amene anakaika, uku amene anakasiya. Bambo wa ndevu zake, wokwatira, ntchito ili mbwee, akuwerenga timiyala! Ndipo timiyalato tinkangofanana. Usaseke, Limbani, iwe unakhala masiku awiri osayankhula ndi munthu chifukwa timu yako inagonja, timu yoti sikudziwa n'komwe kuti unabadwa.

Loweruka ndinakwera njinga mpaka ku Bvumbwe, kumene kunali nkhalamba ina imene inatanthauzirapo milandu m'makhoti zaka zambiri. Inu ku Bvumbwe mumafika mutakhala pa minibasi, nkumadandaulanso kuti mwapanikizika. Ine ndinanyamuka mbandakucha, zitunda ndikukankha, matsitso ndikugwira buleki ndi chidendene patayala. Tayala linaphulika kawiri, kachiwiriko zigamba zinali zitatha, ndinamanga ndi luzi nkumapita likugunda. Ndinafika dzuwa lili paliwombo, m'mimba muli nthochi ziwiri ndi chigumu cha pamsewu. Nkhalambayo inawerenga makalata onse awiri, inafunsa kuti mayiyo ali ndi ana angati, kenako inati onse awiri ndi olondola, nditenge iliyonse ndikapereke msanga. Mukuganiza kuti ndinathokoza? Ndinabwerera nditakwiya, ndikuti nkhalamba ija mutu unatha. Ine sindinapalase njinga mtunda wonsewo kuti ndikamve zoti a Makwinja nawonso akhoza.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi achemwali anandipeza pansi pa bulugama paja. Anadikira anthu onse athe, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati kalata ija inafika. Mitambo inali itayamba kale kuunjikana kum'mawa, aliyense ankaiona. Kuti ndinene kuti ndikulimbana ndi kaliwu kamodzi, ndikanayamba bwanji? Ndinati inafika Lachinayi, ili patebulo la bwana, angodikira kuitanidwa. Anawomba m'manja mwaulemu nkupita. Bodza limenelo linatuluka mosavuta ngati kulavula khoko la nzimbe, ndipo ndinapita kunyumba nkukadya bwinobwino.

Pemphero, foniyo ikulira, ndaimva. Itembenuze. Amene akukufunayo safa.

Mvula inagwa Lolemba masana, yamphamvu, yogwetsa nthochi. Fungo la dothi linalowa mpaka mu ofesi. Agogo anu anandiyang'ana nditafika kunyumba, ndipo diso lawolo linandikwiyitsa. Ndinadziuza kuti kulemba anthu kukhala sabata yamawa, nthawi ilipo. Pamenepo ndinali nditapeza nzeru yoti ndichitembenuze chiganizocho kuti kaliwuko kasafunike n'komwe, pasakhale wopambana. Ndinatayipa choncho. Koma tsopano ndinkafuna pepala lokhuthala lija la m'kabati ya bwana, ndipo wosunga kiyi anali atapita kumaliro kwawo. Ndinati ndimudikire.

Lachinayi m'mawa ndili pa makina ndinamva chitsulo chikulira kumunda. Ndinachimva bwinobwino, ana inu, sindinganene kuti sindinamve. Kalata inali m'thumba la malaya, pamtima penipeni. Kuchoka ku fakitale kukafika kumalaini unali mtunda woti munthu wothamanga akafika tiyi wa m'kapu asanazizire. Ndikanangopita nkunena kuti achemwali valani nsalu ija tiyeni, zikanatha. Koma akanandifunsa kuti nanga kalata ili kwa bwana ija? Ndinakhala. Ndinadziuza kuti kulemba kumatenga masiku awiri, ndiponso munthu wa kalata sawerengedwa pamodzi ndi a pamzere.

Zimene zinachitika kubwalo la sikelo ndinazimva pambuyo pake. A Bonongwe anaitana dzina la achemwali katatu. Wolemba mayina anafuna kupitirira, iwo anamugwira dzanja, nkutuma mayi wina woyandikana nawo nyumba kuti athamange akawatenge. Mayiyo anawapeza atakhala pakhomo, atasamba, atavala diresi la kutchalitchi, akudikira kuitanidwa ku ofesi. Anawachonderera kuti angofunda nsalu ija apite. Achemwali anakana. Anati achimwene ananena kuti ndisakaime, kalata ili kale kwa bwana, ndikapita ndiwachititsa manyazi. A Bonongwe anasunga malowo mpaka nthawi ya phala la masana, anthu akung'ung'udza kumbuyo, kenako anawapereka kwa wina. Chaka chimenecho anthu anabwera ambiri, mayina anakwana tsiku lomwelo.

Lachisanu m'mawa, wosunga kiyi atabwera, ndinapereka kalata, pa pepala lokhuthala. Kwa bwana sinafike n'komwe. Zonse za kumunda zinkadutsa kwa kalaliki wamkulu, bambo wachikulire wosakonda zoyankhulayankhula. Anaiyang'ana pamwamba chabe, osafika ngakhale pa chiganizo chimene ndinachivutikira sabata yonse, nkuiika pansi pa mwala wopsinjira mapepala.

"Mwana wanga, wagwira ntchito pano zaka zingati?" anandifunsa. "Unamvapo mkazi wamasiye atalembedwa ndi kalata? Tinamudikira dzulo mpaka masana. Nyumba ija ndapereka kale."

Ndinayesa Chingerezi, ndinayesa Chinyanja, pomaliza ndinachonderera m'Chilomwe, chimene ndinali nditasiya kuyankhula pa ofesi kuti ndisaoneke wa kumudzi. Anangopukusa mutu. Anati chaka chamawa adzaime ngati wina aliyense, poti nsalu yakuda imagwira ntchito mvula imodzi yokha.

Chaka chamawacho sanabwere. Nyumba panalibe, ndipo kuchoka ku Nsabwe tsiku ndi tsiku ana akanatsala ndi yani? Sukulu kumeneko inali kutali, kutsidya la mtsinje wopanda mlatho, ndipo kamunda kaja kankafuna manja. Ndinati Edina ndimutenge azikhala kwathu apitirize kwa a Makwinja, koma nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri, bambo anu ali khanda, ndipo achemwali sakanatha kulima ndi kulera okha. Ndinati chaka chamawa. Chaka chamawa chitafika ndinatinso chaka chamawa, mpaka tinamva kuti kwabwera munthu wofunsira mbeta. A Makwinja anandipeza panjira tsiku lina nkundifunsa kuti mwana wawo wa nambala wani anapita kuti. Nditawauza anavula magalasi nkumapukuta. Kuyambira tsiku limenelo sitinakanganenso za Chingerezi mpaka imfa yawo.

Anti anuwo, amene inu mumawasekera kumbali akakupatsani foni kuti muwawerengere uthenga wa Chingerezi, anali ndi mutu woposa nonsenu kuphatikizapo ine. Ndinakuona pa Khirisimasi, Pemphero, ukutsinzinira diso mlongo wakoyu. Zinandiwawa kwambiri. Sindinakudzudzuleni chifukwa mlandu si wanu.

Koma ndalumpha, ndibwerere ku tsiku losamuka. Linali Lolemba, kukuwaza. Katundu sanali wambiri, mphasa, miphika, mtondo, mabulangete awiri. Mpeni wokhota wa alamu unabwezedwa ku kampani. Ndinapempha tsiku ku ofesi nkumanga mtolo panjinga. Tinadutsa pakati pa minda anthu akutchola, madengu kumsana, tiyi ataphuka kulikonse. Akazi ena anaimika manja nkuwatsanzika chapatali, poti kapitawo salola kuchoka pamzere. Edina anakulunga makope ake m'pulasitiki nkuika pamwamba pa ndowa imene anasenza. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndiulule. Ndinkati ndinena tikawoloka apo, ndinena tikakwera chitunda icho.

Amene anayamba kuyankhula ndi achemwali. Anati ndisadandaule. Anati mabwana ndi choncho, kalata yakhala patebulo lawo sabata yathunthu osaiyang'ana, mwina anayatsira fodya. Anamutukwana bwanayo m'Chilomwe, munthu woti kalatayo sanaione ndi diso, ndipo ine ndinkangoti eee, eee, ndikukankha njinga. Titafika kumudzi, katundu tisanamasule, anatenga nkhuku yawo imodzi yokhayo, thadzi loikira limene analinyamula m'khwapa njira yonse, nkugwada.

"Achimwene, mwavutika nane," anatero. "Ndamva kuti munapita mpaka ku Bvumbwe panjinga kukandifunsira nzeru. Ndilibe china. Kadyeni ndi alamu."

Ndinailandira ndi manja awiri. Ndinaimanga pakeliyala nkubwera nayo kunyumba, ndipo inaphikidwa. Agogo anu aakazi sanadyeko. Ndi iwo amene ankachapa malaya anga, ankadziwa chimene chinagona m'thumba sabata yonse. Anangondiikira mbale patsogolo nkutuluka panja. Ine ndinadya, ana inu. Ndinadya ndithu.

Achemwali anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndipo aliyense wokhala nawo pansi ankamuuza kuti ali ndi mchimwene wodziwa Chingerezi amene analimbana ndi bwana chifukwa cha iwo. Nthawi zonse ndinkati ndiwauza ulendo wina. Ndinapuma ntchito, ndinamanga kanyumba kano, tsitsi linayera, ulendo winawo sunafike. Anamwalira akudziwa choncho. Anti anu nawonso akudziwa choncho. Nchifukwa chake chaka chilichonse amabwera ndi mkoko wa nthochi pamutu ndi kalongonda wophika tsiku lonse, wotayidwa madzi kangapo mpaka kuwawa kutatha, nkumati amalume ndinu bambo anga, idyani. Ndimadya akundiyang'ana.

Pa amoyo onse, oyamba kumva nkhaniyi ndinu, ndipo ndakuuzani dala kuti ndisakhalenso ndi pothawira. Anti anu atumiza mawu kuti abwera Loweruka. Ine ndakalamba, mvula ikubwerayi kaya ndiiona. Akafika muwalonjere bwinobwino, mafoni m'thumba, muwalandire katundu, muwapatse madzi. Mukatero mutengane mupite kwa anzanu, musabwere mpaka nditakuitanani. Akatuluka osanditsanzika musawafunse kanthu. Limbani, iwe udzangowanyamulira dengu lawo mpaka pa siteji.